A Kaliati ndi Nkhata ya Peggy

Kunsi kwa phiri la Michesi munthu akamwalira, oyamba kuuzidwa ndi adzukulu okumba manda, achiwiri ndi a Cornelius Kaliati. Abusa amamva pambuyo. A Kaliati ndi amene amawerenga mbiri ya malemu pa maliro, ndipo ntchito imeneyi palibe anawalemba, palibenso angawachotse. Anaiyamba mu 1991, chaka chimene Napolo anatsika m'phiri, pamene maliro anachuluka kuposa anthu otha kuwerenga pagulu osanjenjemera. N'kuti atangolowa kumene chikamwini kwa akazi awo a Fainess, alibe mbuzi, alibe njinga, ali ndi jekete imodzi yakuda. Wina anaona jeketeyo, n'kuwapatsa pepala. Mpaka lero akadali nalo pepalalo m'manja.

Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu osagwirizana ndi thupi. Magalasi awo anagula pamsika wa pa boma, atayesa onse amene anali pamphasa mpaka kupeza oonetsa zilembo. Kulima amalima, chimanga, nandolo ndi chinangwa ngati wina aliyense, koma tisanamizane, munda wa a Kaliati umadziwika ndi udzu. Anthu sasankha nyengo yofera. Amafa nthawi yopalira, amafa nthawi yobandira, ndipo khasu limatsala chiimire pamzere mwini wake atapita kukavala jekete. A Fainess anadandaula zaka khumi zoyambirira, kenako anangoyamba kukazinga zitumbuwa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kamodzimodzi kuyambira kale. M'mawa wa tsiku loika maliro amakhala kuseri kwa siwa ndi eni maliro, pepala pabondo, n'kumafunsa motsatana: anabadwa liti, sukulu analekezera pati, anagwira ntchito kuti, anakwatira liti, asiya ana angati, adwala chiyani. Achikulire ambiri kuno sadziwika chaka chobadwa. Wina amati anabadwa chaka cha dzombe, wina amati anabwera ali kumsana pamene makolo ankaoloka kuchokera ku Mozambiki. A Kaliati amayang'ana m'mwamba pang'ono, n'kupereka chaka. Palibe malemu anabwerako kudzatsutsa.

Ndipo pakamwa pa a Kaliati sipanafe munthu woipa. Chidakwa chogona m'ngalande chimasanduka munthu wokonda kucheza ndi anzake. Wandewu amakhala munthu wosabisa mawu. Wina amene anamaliza nkhuku za mudzi wonse anaikidwa m'manda ngati munthu wosakonda kugona msanga. Anthu amamvetsa zonse, amagwedeza mitu mwaulemu, ena amabisa nkhope m'zitenje ngati akulira. Koma mukawafunsa a Kaliati ngati zimenezi si bodza, amakuyang'anani pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwo amawerenga zimene eni maliro awapatsa, basi. Iwo amangothira mchere.

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pawo panaima kabaza. Anatsika mayi wa zaka za m'ma fote, wovala nsapato zosayenera njira zathu, chikwama chili pachifuwa ngati wina am'landa. Anapereka moni mwaulemu, koma Chichewa chake chinali chokwera mapiri a kumpoto. Anati dzina lake ndi Peggy, amagulitsa mankhwala m'sitolo ina ku Mzuzu, ndipo akufuna mbiri ya malemu Dyson Sitima, amene anamwalira zaka zingapo zapitazo. Anthu anamuuza pamsika kuti amene anaiwerenga ndi iwowo.

A Kaliati sanafunse kuti a Sitima anali ndani wake. Panalibe chifukwa. Makutu a kwa Sitima amadziwika dera lonse lino, amaima pambali pa mutu ngati zogwirira za poto, ndipo mayiyu anabwera nawo onse awiri. A Fainess atatuluka ndi madzi akumwa anangoti kumuona, kapu inatsala pang'ono kugwa. Anabwerera m'nyumba msanga kuti akadabwe bwino.

Nkhani ya Peggy inali yotere. A Dyson ali mnyamata wokwatira kale kuno, anapita kukagwira ntchito yokonza msewu ku Rumphi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, koma a Dyson anasiya mwana. Ntchito itatha anabwerera kwa akazi awo a Magret, ndipo kumpoto sanapondekonso. Peggy anakula ndi dzina la bambo ake ndi liwu limodzi loti Phalombe. Tsopano anali atayamba kulondoloza mtundu wake. Kwa amayi ake anali atafika mpaka kwa agogo a agogo, mayina, midzi, ngakhale ng'ombe zimene zinaperekedwa pa ukwati wa uje ndi uje. Kwa abambo ake kunali mbee.

Anali atayamba wapita ku ofesi ya kalembera pa boma kukafunsa satifiketi ya imfa. Kumeneko anam'landira bwino, anam'patsa ndi mpando womwe, n'kumufotokozera kuti munthu akafera pakhomo ndipo abale osakalembetsa, boma silingalote. Kuti satifiketi ituluke pafunika abale a malemu achitire umboni, amfumu adinde. Zomveka. Ndiye anapita kwa abalewo. Mwana woyamba wa a Dyson, Mcdonald, amene anali atangofika kuchokera ku Joni, anamumvetsera ataima pakhonde, n'kumuuza kuti pakhomo pano sakumudziwa. Ananena zimenezi makutu ake ali chiimire, ofanana ndendende ndi a munthu amene ankam'kanayo.

Choncho Peggy anaganiza kuti mwina pepala la mbiri lingamuuze kanthu. Anafunsa ngati a Kaliati amasunga mapepala awo.

Apa a Kaliati anakanda m'mutu. Kusunga amasunga ndithu, m'katoni pansi pa bedi. Koma zitumbuwa zimafuna pokulunga, ndipo a Fainess saona chifukwa chogulira nyuzipepala zakale pamene m'nyumba muli mapepala aulere. Anthu a dera lino akhala akudya zitumbuwa zokulungidwa m'mbiri za azibale awo kwa zaka zambiri, ena amawerenga ndithu akutafuna. A Dyson Sitima anapita kalekale atakulunga zitumbuwa, mwina pa tsiku la msika. A Fainess anayankhira m'nyumba kuti pepala lopanda ntchito ndi chakudya cha chiswe, bola iwo analipezera chochita.

Koma a Kaliati sanafune kuti mlendo abwerere chimanjamanja. Anakhosomola, anaimirira, n'kuinena mbiriyo pamtima ndi mawu awo a kumanda, nkhuku zikuthawa pabwalo. Malemu anabadwa chaka chakuti, anali munthu wolimbikira ntchito, wokonda mpingo, wokonda anthu, anadwala nthawi yochepa. Peggy anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha ngati imeneyi si mbiri ya munthu aliyense. A Kaliati anavomera kuti mbali yaikulu ndi ya aliyense. Anakhalanso pansi.

Ndiye anayamba kumuuza zina zimene siziwerengedwa pa maliro. Kuti a Dyson sankatha kudutsa dzenje panjira osalikwirira. Amapita kutchalitchi atavala suti, akaona pokumbika amavula jekete, kutola miyala, kudinda ndi chidendene, n'kufika mapemphero ali pakati. Kuti ankanyoza njira iliyonse ya m'mudzi muno kuti anailambula anthu osadziwa madzi kumene amalowera. Kuti ankaimba kwaya ndi mawu oipa zedi, ndipo anawasankha kukhala mkulu wa mpingo makamaka pofuna kuwachotsa m'kwayamo. Kuti nyemba za kalongonda ankadya mbale yathunthu okha, osaitana munthu. Peggy anali atatulutsa foni kuti azilemba, koma sanalembe kanthu. Anangoti nayenso dzenje la panjira limamusowetsa mtendere, ndipo pakhomo pa sitolo yawo amakwirira yekha.

A Kaliati anamva chisoni, ndipo chisoni chenicheni, osati cha ntchito chija amavala pamodzi ndi jekete.

Kenako mayiyu ananena chimene chinamuyendetsa ulendo wonsewu. Amayi ake anamwalira chaka chapitacho. Pa maliro ku Rumphi, amalume ake anamuuza mokoma, opanda ndewu, kuti kwawoko mwana ndi wa kwa bambo ake, ndiye iye aziyang'ana ku Phalombe. Wafika ku Phalombe, akumva kuti kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. A Kaliati anavomereza kuti ndi momwemo, ngakhale Mcdonald amene akudzigunda pachifuwayo sadzagona pafupi ndi bambo ake, adzapita kumanda a kwa a Magret. Mapanga awiri avumbwitsa, abale. Munthu wa makolo awiri amoyo bwinobwino pa nthawi yawo, n'kupezeka alibe kwawo.

"Bambo, ine sindikufuna munda," anatero Peggy. "Sindikufuna malata, ngakhale malo a manda. Ndikufuna pakhale tsiku limodzi loti anthu amve kuti munthu uja anali bambo anga."

Tsikulo linalipo, ndipo linali limodzi lokha. Mcdonald anabwera kuchokera ku Joni kudzatsegula chiliza cha bambo ake Loweruka la sabata yomweyo. Mbiri ya munthu kuno imawerengedwa kawiri, poika maliro ndi potsegula chiliza. Zikatha apo, yatha, malemu amasiyidwa apume, ndipo amene sanatchulidwe sadzatchulidwanso. Poika maliro a Kaliati anawerenga kuti a Dyson asiya ana asanu. Wowerenga Loweruka anali iwo omwe.

Lachisanu anapalasa njinga kupita kwa a Magret kukatenga za m'mbiri monga mwa nthawi zonse. Anapeza pakhomo pali piringupiringu, azimayi akusinja, mbuzi ziwiri zitamangidwa pamtengo zikudya chakudya chomaliza. Mcdonald anawaonetsa chithunzi cha chiliza pafoni, cha matailosi akuda onyezimira, chokongola kuposa nyumba imene a Dyson anagonamo moyo wawo wonse. Anakhala kuseri kwa nyumba. A Magret anali chapatali pang'ono pamkeka, akusola nandolo m'lichero, ngati nkhaniyo ndi ya anthu a mudzi wina.

Atafika pa funso la ana, a Kaliati anafunsa ngati mmene amafunsira nthawi zonse, maso ali papepala. Mcdonald anati asanu. A Kaliati anadikira pang'ono, n'kufunsanso, ati mwina sanamve bwino chifukwa cha mitondo. Apo mnyamata wa ku Joni anatentha. Anati akudziwa kuti mayi uja anafika kwa a Kaliati, ndipo akudziwa amene akum'limbitsa mtima. Bambo ake anali mkulu wa mpingo, ndipo iye sanawononge thukuta lake la kwa eni kuti adzawavule pagulu. Amayi ake ndi a BP, akagwa pamanda adzawanyamula ndani?

"Munawerenga asanu, muwerenganso asanu," anatero. "Zikakuvutani nenani, madala. Pa boma pali anyamata a zokuzira mawu, amabwera ndi jenereta yomwe."

Mawu amenewa anawalasa a Kaliati, chifukwa anali oona. Masiku ano maliro a anthu opezako bwino akutengedwa ndi anyamata a masipika, ovala nsapato zosongoka, otchula dzina la malemu molakwika koma mokweza. Anatembenukira kwa a Magret kuti mwina anenapo kanthu. A Magret anapeta nandolo wawo, n'kuuzira mankhusu. Pobwerera anadzera kwa alongo awo a malemu, eni manda enieni. Iwo anati chiliza wamanga ndi mwana, simenti ndi yake, iwo alibe mawu. Anafunsa kokha ngati n'zoona za makutuzo.

Kunyumba a Fainess sanazungulire. Anati bambo a Kate, inu pano ndinu mkamwini, zaka zonsezi mwakhala bwino chifukwa chosalowerera za eni, lero mukufuna mudzatchuke ndi chiyani? Nkhuyu anadya ndi a Dyson, zipote inu? A Kaliati anatuluka panja. Anakhala pakhonde akupukuta nsapato, akuganiza zoti nawonso tsiku lina adzakwezedwa pa galimoto kubwerera kwa amayi awo kufupi ndi Fort Lister, kumene otsala ndi adzukulu a alongo awo, owadziwa dzina lokha. Kumeneko wina adzayang'ana m'mwamba n'kuwapatsa chaka chobadwa. Zimenezi sizinawasangalatse ngakhale pang'ono.

Madzulo dzuwa lisanalowe anamuimbira Peggy, amene ankagona pa resiti hausi ina pa boma. Anamuuza zoona, kuti ayesa, zakanika, ndipo iwo sangawerenge chimene sanapatsidwe. Akangoyamba kuwonjezera za m'mutu mwawo, mawa palibe adzawakhulupirira ndi maliro ake. Peggy anathokoza. Anati nkhata anagula kale ku Limbe pobwera, ndiye abwerabe, akaima kumbuyo.

Loweruka kunatentha ngati kumwamba kulibe mwini. Manda a kwa amayi awo a Dyson ali mumpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, pamalo pamene mitengo inatha kalekale kupatula iwiri itatu ya m'manda momwemo, ndipo mthunzi wake unatengedwa ndi abusa ndi akuluakulu. Ena onse anali padzuwa. Chiliza chinali chitafundidwa nsalu yoyera. Anthu anabwera ambiri, ena chifukwa cha a Dyson, ena chifukwa cha mbuzi, koma ambiri ndithu chifukwa nkhani ya mlendo wa kumpoto inali itayenda kale mudzi ndi mudzi. Peggy anaima kumbuyo kwa azimayi, atavala chitenje chomangidwa mwachilendo, nkhata ya maluwa apulasitiki ili m'jumbo.

Kwaya inaimba, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, anthu anati aaa poona matailosi. Kenako a Kaliati anaimirira ndi pepala lawo. Anawerenga bwino, mawu osagwedera. Kubadwa, sukulu, ntchito ya msewu m'maboma osiyanasiyana, ukwati, mpingo. Atafika pa ana anati malemu anasiya ana asanu, ndipo anawatchula mayina mmodzimmodzi. Mitu yambiri inatembenukira kumbuyo. Peggy anali chiimire, akuyang'ana pansi. M'kamwa mwa a Kaliati munawawa ngati atafuna chinangwa chowawa, koma anamaliza mpaka kunsi kwa pepala. Mtima wa Mcdonald unakhala pansi.

Chinatsala ndi kuika nkhata, ndipo apa mpofunika kufotokoza kwa amene sanafikeko kumanda a kwathu kuno. Nkhata siziikidwa mwachisawawa. Wowerenga mbiri ndiye amaitana, gulu ndi gulu: woferedwa mwamuna kapena mkazi, alongo, ana, zidzukulu, a mpingo, mpaka alendo. Gulu limene laitanidwa ndi lokhalo limayandikira, ndipo lina silisuntha mpaka litamva dzina lake. Palibe amachoka, palibe amakadya, abusa sangatseke ndi pemphero nkhata zisanathe. Ndipo kumanda sakanganirako. Munthu wokweza mawu pamanda amakambidwa mpaka zidzukulu zake.

A Kaliati anaitana a Magret. Azimayi anawagwira mkono, iwo anaika nkhata yawo, anabwerera pamkeka. Anaitana alongo a malemu, anaika. Kenako anati, "Ana a malemu." Asanu aja anapita, Mcdonald patsogolo, anagwada, anaika, anajambulitsa pafoni, n'kubwerera m'malo mwawo. Zidzukulu zinali zitandanda kale, maluwa a m'munda ali m'manja, zikudikira kuitanidwa.

A Kaliati sanaitane.

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu. Anapukuta diso limodzi, anapukuta linalo, anawayang'anitsa kudzuwa, n'kuyambiranso. Ena amati anakonzeratu zimenezi ali kunyumba. Iwo mpaka lero amati thukuta linalowa m'magalasi, ndipo munthu sangawerenge zimene sakuziona. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mtima wawo unkagunda ngati wa mbuzi zija dzulo lake. Mawu onse amene anapatsidwa anali atawerenga, osachotsa, osawonjezera. Koma kutalika kwa nthawi yodikira ana a malemu kuti athe kuika nkhata, palibe anawapatsa.

Kwaya inamaliza nyimbo, inayang'ana kwa a Kaliati, n'kuyambanso yomweyo. Abusa anayang'ana wotchi. Mcdonald anakhosomola, anakhosomolanso, kenako anayandikira n'kunong'ona kuti madala, zidzukulu. A Kaliati anagwedeza mutu ngati avomera, n'kupinda pepala lawo pakati, kulipindanso, kulitambasula, kuyang'ana kuphiri. Kumbuyo kumene kunali Peggy sanayang'aneko ngakhale kamodzi, ndipo chifukwa cha chimenecho aliyense anadziwa chimene akudikira. Kwaya inafika kumapeto kachiwiri, ndipo ulendo uno inangokhala chete.

Kunali zii. Maluwa a zidzukulu anayamba kuweramira pansi. Mwana wina analira kumsana, mayi ake anamutseka ndi bere. Fungo la nyama linkabwera ndi mphepo kuchokera kumudzi, ndipo amuna ena anayamba kumuyang'ana Mcdonald ndi maso osakoma, ngati wolakwa ndi iye. Mcdonald thukuta linali chuchuchu m'suti ya ku Joni. Kulanda pepala m'manja mwa munthu wamkulu pamanda a bambo ake sakanatha. Kuitana yekha zidzukulu sakanatha. Peggy naye sanasunthe, chifukwa sanaitanidwe ndi mwini aliyense, ndipo anali munthu woleredwa bwino.

Amene anayankhula ndi a Magret, ali pamkeka pomwepo, osakweza mawu.

"Mcdonald, pita ukam'tenge mlongo wako. Dzuwali latikwana."

Mcdonald anati, "Amayi..."

"Bambo ako anabwerako ku Rumphi akuimba Chitumbuka kubafa chaka chathunthu. Ukuyesa ndinali wogontha? Pita."

Panalibe woseka, ngakhale ambiri anavutika kudzigwira. Mcdonald anayenda kudutsa pakati pa azimayi, iwo akumupatukira. Atafika sanadziwe chochita ndi manja ake, ndiye anangoti tiyeni, n'kumulandira jumbo ija. Anabwera naye kutsogolo, iye patsogolo, mlongo wake pambuyo. Peggy anatulutsa nkhata, anagwada pa matailosi otentha aja osayala kanthu, n'kuiika pambali pa zisanu zija. Anafuna kudzuka msanga kuti asachedwetse anthu, koma anangokhala chigwadire. Analira pamenepo, kulira kwenikweni, kulirira munthu amene sanamuonepo nkhope, akuitana m'chinenero cha amayi ake. Azimayi a kuno sanamve mawuwo, koma anam'thandiza kulira.

A Magret anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasendera kumapeto kwa mkeka, n'kupumuntha fumbi pamalo pamene panatsalapo.

A Kaliati anavala magalasi awo, n'kuitana zidzukulu.